Ilire Mbalule kwa Opeta Mawu

Ilire mbalule, uyankhe mpanje, gunda agwedeze nthaka! Lero m'bwalo mulowe anamkungwi atatu amene anaona kuti Chingerezi n'cholemera pa lilime la mlendo, nachinyemanyema kuti mwana wa eni ameze osatsamwa.

Inu a Harold Palmer, Khutu-patsogolo, Mtsekula-pakamwa! Munayambira ku Verviers, ku Belgium, mu 1902, mpaka nkhondo ya 1914 inakubwezani ku London. Inu amene munati wophunzira ayambe wamva, kenaka alankhule, cholembera chibwere pambuyo, monga tonse tinatolera chinenero chathu tili kumsana kwa amayi. Japan inakuitanani mu 1922, chaka chotsatiracho munakhazikitsa bungwe lofufuza kaphunzitsidwe ka Chingerezi ku Tokyo. Ilire!

Inu a Michael West, Lichero la ku Dacca, Mpeta-mawu, Mdana-ndi-mankhusu! Munaona ana a ku Bengal akusiyira sukulu panjira, manja ali lende, ndipo munati bola achoke akudziwa kuwerenga. Timabuku tanu tinkapereka mawu atsopano pang'onopang'ono, ngati phala la khanda, liwu lililonse n'kumabwerabwera mpaka lizolowereke. Mu 1953 munatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene munthu angayende nawo ulendo. Iwombe!

Tsono woyimba ng'oma alimbitse chikhatho, chifukwa akulowa a kumtima kwanga.

Inu a A. S. Hornby, mwana wa ku Chester, Nkhokwe-yosatseka, Mlozera-njira, Chimvetsera-pophunthwa! Munapita ku Oita muli mnyamata kukaphunzitsa, n'kumatchera khutu pamene ana a ku Japan ankapunthwa. Munazindikira kuti mlendo safuna tanthauzo lokha: amafuna adziwe liwulo limayenda ndi ndani, limakhala pati m'chiganizo, limakana chiyani. Inu ndi anzanu a Gatenby ndi a Wakefield munaunjika mawu zaka ndi zaka, dikishonale n'kusindikizidwa ku Tokyo mu 1942, mkati mwa nkhondo imene inakuchotsani m'dzikomo. Oxford inaitulutsanso mu 1948, ndipo kuchokera apo inawoloka nyanja zonse. Inu Dzanja-lotambasuka, amene mu 1961 munapatula ndalama za mabuku anu kuti aphunzitsi a maiko ena azikasulidwa! Ilire, ilirenso!

Ine ndinakumana nanu kusekondale, m'buku lothothoka chikuto, limodzi kalasi yonse. Pasukulu pathupo ukagwidwa ukulankhula Chichewa unkakumba dzenje masana dzuwa lili pamutu, ndipo chilondacho ndikadali nacho. Chingerezi ndinkachiwopa ngati chikoti. Koma inu simunandikalipire. Usiku, pa kuwala kwa koloboyi, mwaye ukudetsa mphuno, munandionetsa kachilembo C pambali pa zinthu zowerengeka ngati mbuzi, ndi U pambali pa zosawerengeka ngati madzi. Pansi pake kachiganizo kafupi, koti ndibwereke mawa lake m'kalasi. Ndinabwerekadi, ndinaimirira, mawu anatuluka osanjenjemera.

Mphunzitsi-wosaonana-naye, Mlendo-wodza-ndi-nsupa, munamwalira mu 1978 osadziwa dzina la mudzi wathu. Ilire mbalule kwa inu, a Hornby, ndi kwa mnzanga uja tinkalimbirana naye tsamba, chala chake pa C, changa pa U, parafini akutha m'botolo.