Khofi wa pa Chiwaya ku Bulawayo

M'mawa wa mwezi wa Juni, chisanu cha ku Bulawayo chikamaluma zala, anthu amathamangira ku Haefelis mumsewu wa Fife. Malowa ndi akale ndithu, ndipo n'chimene anthu amawakondera. Pamakhala buledi wotentha, makeke, ndi khofi womwa munthu atakhazikika pampando, nkhani zili m'kamwa.

Khofi wa m'dziko la Zimbabwe amalimidwa kum'mawa, ku Chipinge, Vumba ndi Honde Valley. Ulimiwu unalowa pansi chitadutsa chaka cha 2000, koma mu 2019 kampani ya Nespresso inayamba kugulitsa khofi wa kumeneko, alimi n'kulimbanso mtima.

Oyenera kuwaombera m'manja kwambiri ndi amene amakazinga okha khofi kunyumba. Luso lake salidabwa mayi wa ku Sizinda, ku Bulawayo komweko, mdzukulu wa Amalawi ogwira ntchito ya njanji, amene anakula akukazinga mtedza: chiwaya chokhuthala, moto wapakatikati, mthiko osapuma. Njere zobiriwira zimasanduka zachikasu, kenako zofiirira, timankhusu n'kumauluka. Zikayamba kuthetheka, wokazinga amatchera khutu, chifukwa akangochedwa pang'ono zimapserera ndipo khofi amangowawa. Amaziphula msanga, n'kuzipeta m'lichero kuti zizizire, ndipo amadikira tsiku limodzi kapena awiri asanasinje.