Za Kulipira Pofuna Kumva Mawu a Mbale

Ku India kuli chizolowezi cha malonda chimene tiyenera kuchiyesa bwino. Munthu wokhala ndi lamya ya m'manja, angakhale iye saimbira ena, ayenera kulipira nthawi ndi nthawi. Akalephera, eni lamya atseka njira, kotero kuti abale ake omwe sakhoza kumuimbira.

Chiyambi chake nachi. Kale munthu akaimbira mnzake wa kampani ina, kampani ya woimbayo inali kulipira inzakeyo mapaisa 14 pa mphindi, ndipo mapaisa 100 ndiwo rupi imodzi. Chotero wosauka wongoyankha lamya analinso kupindulitsa eni ake. Koma m'chaka cha 2016 inadza Jio, niyamba kuimbitsa anthu kwaulere, ndipo mu 2017 bungwe la boma la TRAI linatsitsa mtengo uja kufikira mapaisa 6. Poona kuti phindu lachepa, Airtel ndi Vodafone Idea analamula mu 2018 kuti yense alipire marupi 35 pa masiku 28. Mu 2021 mtengo wa pa mphindi unathetsedwa konse, ndipo pofika 2024 malipiro ochepetsetsa a Airtel anali marupi 199.

Ife sitikana kuti nsanja za lamya zifuna magetsi ndi antchito. Chimene titsutsa ndi ichi, kuti katunduyo anasenzetsa munthu wopanda mphamvu. Wolemera sanamve kanthu, pakuti iye anali kulipira zoposa apo kale lomwe. Anamva kuwawa ndi nkhalamba ya kumudzi, imene isunga kalamya kake chifukwa cha mwana wogwira ntchito ku Mumbai. Akulu ananena zoona: njovu zikamenyana, uvutika ndi udzu.

Choipa china n'chakuti m'malipirowo anaphatikizamo intaneti, imene ambiri a timalamya tamabatani saigwiritsa ntchito. Mu December 2024 TRAI inalamula kuti pakhale malipiro a mawu ndi mauthenga okha. Tiyamika lamulolo, koma Airtel ndi Jio poyankha anatulutsa a masiku 84 kapena kuposa, ofuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Nanga wodya za ganyu azipeza kuti?

Tsono, owerenga athu, kuweruza kwathu ndi uku: chifukwa cha makampani n'choona, koma muyeso wawo ngwokhota. Chilungamo chikadakhala kuika kamtengo kakang'ono ka mwezi umodzi, kolingana ndi ntchito yosunga nambala, kuti wosauka asatsekeredwe mawu a ana ake.