Magazi Obiriwira a Spock: Kodi Pali Munthu Amene Ali Theka?

Anzanga acinyamata, ambiri a inu munaonapo kanema wa Star Trek, kapena cithunzi ca mwamuna wa makutu osongoka amene samwetulira. Dzina lake ndi Spock. Nthanoyi anaiyambitsa Gene Roddenberry ku America m'caka ca 1966, ndipo woyamba kusewera Spock anali Leonard Nimoy, amene anamwalira mu 2015. M'nthanomo atate ake a Spock ndi Sarek, kazembe wa pulaneti yopeka yochedwa Vulcan, ndipo amai ake ndi Amanda, mphunzitsi wa pa dziko lathu lino. Tiyeni tifunse mafunso awiri. Kodi mwana wotere angabadwe? Nanga kanemayu akutiphunzitsa ciani za ana amene makolo ao ali a mitundu iwiri?

Tiyambe ndi funso loyamba. Thupi lanu lapangidwa ndi timaselo tating'ono kwambiri. M'kati mwa selo muli timaulusi tochedwa ma chromosome, ndipo m'menemo mwalembedwa malangizo omangira thupi, amene asayansi amawacha DNA. Munthu ali ndi timaulusi 46: 23 tocokera kwa atate ndi 23 tocokera kwa amai. Timayenda tiwiritiwiri monga ng'ombe za pa goli.

Taonani cimene cimacitika pamene goli silikwanirana. Kavalo ali ndi timaulusi 64, bulu ali ndi 62. Akakwerana pamabadwa nyuru ya timaulusi 63. Nyuruyo imakula yamphamvu, koma ikafika popanga mbeu yake, timaulusi ta kavalo ndi ta bulu sitigwirizana bwino, ndipo kamodzi kamatsala kopanda mnzake. Ndico cifukwa cake nyuru pafupifupi zonse sizibereka. Komatu kavalo ndi bulu ndi apacibale, amadya msipu umodzi. Nanga bwanji munthu ndi colengedwa ca pulaneti ina?

Vuto lina ndi magazi. Athu ndi ofiira cifukwa ca citsulo cimene cili m'kati mwake, cimene cimanyamula mpweya wabwino. Kanemayu akuti magazi a anthu a ku Vulcan ali ndi mkuwa, ndipo ndi obiriwira. Magazi a mkuwa alipodi pa dziko lino. Nkhanu ndi nkhono zili nao, kungoti akakumana ndi mpweya amaoneka a buluu. Koma kodi munamvapo kuti mbuzi yabala mwana wa nkhanu? Ngakhale pakati pa anthu okhaokha, mai wa magazi a Rhesus negative akakhala ndi pakati pa mwana wa Rhesus positive, thupi lake likhoza kulimbana ndi magazi a mwanayo, makamaka pa mimba yaciwiri. Ndico cifukwa cimodzi cimene amapimira magazi a amai apakati ku cipatala. Ngati kusiyana kwakung'ono kotero kumadzetsa ngozi, Amanda akananyamula bwanji mwana wa magazi a mkuwa?

Katswiri wa zakuthambo Carl Sagan anaseka nkhaniyi, nayerekeza ukwati wotere ndi wa munthu ndi duwa la petunia. Olemba kanemayu nawonso anaona kuti nsalu yao yang'ambika, ndipo anafuna cigamba. Mu 1993, m'cigawo ca Star Trek: The Next Generation cochedwa "The Chase", anati mtundu wina wakale kwambiri unamwaza mbeu ya moyo m'nyanja za mapulaneti ambiri, motero onse ndi apacibale. Cigambaci ncacing'ono. Munthu ndi nsomba onse ali ndi DNA ya zilembo zinai zomwezo, koma sangaberekane. Tsono yankho la funso loyamba ndi lakuti iai.

Kodi tsono kanemayu timtaye? Musafulumire. Nthano ya kalulu ndi njobvu sitiitaya cifukwa cakuti kalulu salankhula. Timafunsa cimene ikuphunzitsa.

Onani cigawo ca mu 1967 cochedwa "Journey to Babel". Spock ndi atate ake akhala zaka 18 osalankhulana monga tate ndi mwana, cifukwa Spock anakana sukulu imene atate ake anamsankhira. Sarek akudwala mtima, ndipo opaleshoni ikufuna magazi a mwana wakeyo. Poyamba Spock avomera. Koma mtsogoleri wa combo atabayidwa ndi mpeni, Spock akana kusiya udindo, pakuti mwambo wa ku Vulcan umaika nzeru patsogolo pa cifundo. Amai ake amkumbutsa mmene anyamata anzake ankamnyozera ali wamng'ono kuti si wa Vulcan weniweni, amcondelera, ndipo pomaliza ammenya khofi. Apa kanemayu wagwira mtima. Mwana amene ananyozedwa kuti ndi wosakwanira wakula akuyesetsa kuposa onse pa mwambo wa atate ake, kufikira wabisa cikondi ca amai ake.

Oonera a nthawi imeneyo anamva bwino tanthauzo lake. M'caka comweco ca 1967 ndi pamene khoti lalikulu la ku America linathetsa malamulo oletsa ukwati wa anthu akuda ndi azungu. Ku South Africa lamulo lotere linaikidwa mu 1949 ndipo linacotsedwa mu 1985. Mu 1968 mtsikana wina wa mai wakuda ndi tate mzungu analembera Spock kalata m'magazini ya acinyamata ku America, kudandaula kuti mbali zonse ziwiri zikumkana. Nimoy anamuyankha ndi kumlimbikitsa. Pamenepa kanemayu anacita nchito yabwino, ndipo tiyenera kumyamikira.

Koma pali fupa m'nsombayi, ndipo ndikufuna kuti musalimeze. Nthawi zambiri kanemayu amalankhula ngati khalidwe limayenda m'magazi. Spock akaganiza mofatsa amati ndi mbali yake ya Vulcan. Akakwiya kapena kulira amati ndi mbali yake ya umunthu. Zili ngati m'thupi mwake muli anthu awiri amene akulimbirana mpando. Zodabwitsa nzakuti nthano yomweyo imanena kuti anthu a ku Vulcan ali ndi ukali waukulu, ndipo kudziletsa amacita kuphunzira. Ngati ndi maphunziro, magazi alowapo bwanji? Apa olembawo akudzitsutsa okha.

Ngozi yake ndi iyi: woonera wosacenjera adzatenga cithunzi ca Vulcan ndi munthu, naciika pa mtundu ndi mtundu, ngati kuti Mtonga ndi Mbemba, kapena wakuda ndi mzungu, ali monga kavalo ndi bulu. Limeneli ndi bodza. Anthu onse ali ndi goli limodzi la timaulusi, ndipo DNA ya anthu awiri alionse imafanana pafupifupi 99.9 peresenti. Mwana wao amabereka monga wina aliyense. Kucipatala dokotala woika magazi safunsa mtundu wanu. Amafunsa gulu la magazi: A, B, AB kapena O. Magazi a mlendo wa ku India akhoza kukupulumutsani pamene a mbale wanu wa bere limodzi sangakuyenereni. Paulo ananena zomwezi ku Atene, kuti Mulungu anapanga mitundu yonse kucokera kwa munthu mmodzi. Werengani Macitidwe 17:26.

Ululu wa Spock ulipo pakati pathu, koma gwero lake ndi mwambo ndi malilime a anthu. Ganizirani mwana wa tate Mcewa ndi mai Mngoni. Kwa atate ake amati mwana ndi wa kucikazi. Kwa amai ake amati mwana ndi wa kucimuna. Akafunsa kuti kwathu ndi kuti, aliyense amaloza kwina. Mwina mwana wotere amakhala nanu pa benci limodzi m'kwaya. Kodi munamseka cifukwa ca kalankhulidwe kake?

Baibulo lili ndi ana otere. Obedi, agogo ake a Mfumu Davide, anabadwa kwa Boazi wa ku Betelehemu ndi Rute Mmoabu. Timoteo amai ake anali Myuda, atate ake Mhelene, ndipo Paulo anamsankha kukhala mnzake pa ulendo. Mulungu sanawawerenge kuti ndi theka.

Tsono onerani Spock, anzanga, ndipo mumvereni cisoni. Sayansi yake muiseke. Koma mukamva wina akunena kuti uje ndi waulesi kapena wakuba cifukwa ndi magazi a mtundu wao, dziwani kuti akunena nthano yopeka, yoposa ya makutu osongoka.

Mafunso okambirana m'gulu lanu:

1. Ndi mau otani amene timachulira ana a mitundu iwiri? Kodi eni ake amawakonda?

2. Werengani Macitidwe 16:1-3. Ndi zovuta zotani zimene Timoteo anakumana nazo cifukwa ca makolo ake?

3. Mlongo wanu atafuna kukwatiwa ndi Mkristu wa mtundu wina, acibale nakana, inu mungawauze ciani?