Mtengo Umene Unkakwera ndi Kasitomala Aliyense

Wamalonda aliyense amafuna makasitomala achuluke, ndipo akaona kuti akuchedwa kubwera amatsitsa mtengo. A Maciej Cegłowski anachita zosiyana. Potsegula Pinboard mu July 2009, anaika ndalama yolowera ya pafupifupi $3, yolipira kamodzi kokha, n'kukonza kuti munthu aliyense akalembetsa, mtengowo uzikwera ndi kachigawo kakang'ono ka senti. Wobwera lero ankalipira zochepa kuposa wobwera mawa. Pa zonse zimene munthuyu anapanga, kachinthu aka ndi kamene ndimagoma nako kwambiri, chifukwa luso lawo lonse likuonekera pamenepa.

Ntchito ya Pinboard njosavuta kufotokoza. Mukapeza nkhani pa intaneti imene mukufuna kudzaiwerenganso, mumasunga adiresi yake kumeneko n'kuiika timawu toizindikiritsa, monga "ulimi" kapena "malamulo", kuti mudzaipeze msanga. Amene ankawonjezera $25 pachaka, Pinboard inkawakoperanso tsamba lonselo, kuti eni ake akadzalichotsa iwo akhale nalobe. Ndi nkhokwe basi. Ndipo nkhokwe saiyamikira chifukwa cha kukongola, amaiyamikira ikafika nacho chimanga mwezi wa njala chisanafumbwe.

Kupatula mnzawo mmodzi amene anawathandiza m'masiku oyamba, a Cegłowski, amene anabadwira ku Poland n'kukulira ku America, akhala akuyendetsa bizinesiyi okha. Kulemba pulogalamu, kusamalira makompyuta osungira zinthu, kuyankha makalata a makasitomala, zonse n'zawo. Munthu wotere mdani wake wamkulu si kusowa kwa makasitomala ayi. Ndi kubwera kwawo onse nthawi imodzi. Mtengo wokwera pang'onopang'ono uja unali chipata. Unkathamangitsa anthu otsegula maakaunti ambirimbiri pofuna kumwaza zotsatsa zachabechabe, pakuti oterowo safuna kutulutsa ngakhale dola imodzi. Unkachititsanso kuti aliyense wolowa akhale woti waganiza kaye, ndipo katundu akamalemera, ndalama yomunyamulira inkakwera naye limodzi. Palibe amene anabisiridwa kanthu: mtengo unkaoneka poyera. Mu 2015 anasiya njirayi n'kuika $11 pachaka kwa olowa kumene.

Kumbuyo kwa zimenezi kunali maganizo amene anawalemba momveka mu 2011: kuti ntchito ya pa intaneti imene mukuikonda koma simukuilipira siikhalitsa, chifukwa eni ake amadzaigulitsa ku kampani yaikulu, n'kutsekedwa. Sankanena zongopeka. Delicious, imene Joshua Schachter anayambitsa mu 2003, inkagwira ntchito yomweyi kwaulere ndipo inali ndi anthu mamiliyoni. Kampani yaikulu ya Yahoo inaigula mu December 2005. A Cegłowski anagwirapo ntchito ku Yahoo, choncho ankadziwa bwino mmene chinthu chabwino chimafotera chikalowa m'manja mwa anthu amene ali ndi zambiri zoti aziganizira.

Chiyeso chinafika pa 16 December 2010, pamene chikalata cha m'kati mwa Yahoo chinatuluka kunja chikuonetsa kuti Delicious ili pamndandanda wa zinthu zoti zithetsedwe. Anthu anathawa piringupiringu, ambiri n'kulunjika ku Pinboard atanyamula maadiresi amene anasonkhanitsa kwa zaka. M'masiku owerengeka munalowa maadiresi mamiliyoni. Zina zinachedwa, koma tsambalo silinagwe. Chimene chinalipulumutsa si nzeru zachilendo. Linamangidwa ndi zida zakale zodziwika bwino, PHP, Perl ndi MySQL, zimene mavuto ake anthu anawaona kalekale ndipo mankhwala ake amadziwika, ndiponso linali pa makompyuta amphamvu kuposa mmene linkafunikira pa tsiku wamba. Akatswiri ambiri a makompyuta amakopeka ndi chida chilichonse chimene changotuluka kumene. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu amene akudziwa kuti zikavuta pakati pa usiku wodzuka ndi iye yemwe amasankha chida chimene angathe kuchikonza tulo tili m'maso.

Mukatsegula Pinboard mumangoona mawu: mitu ya nkhani yobiriwira ngati thambo pa tsamba loyera, timawu tozindikiritsa tija pambali, basi. Mulibe zotsatsa malonda, mulibe zithunzi zovinavina. Ena amati n'losasangalatsa m'maso. Ine ndimaona ulemu. Tsamba lotere limatseguka nthawi yomweyo, ndipo aliyense amene anaonapo bandulo yake ikutha akudikira tsamba limodzi kuti litseguke amadziwa kuti kupepuka ndi chifundo. Mu October 2015, polankhula ku Sydney, a Cegłowski anaonetsa kuti nkhani zazifupi zambiri za pa intaneti zimalemera kuposa mabuku athunthu a alembi akuluakulu a ku Russia, chifukwa cha zotsatsa ndi mapulogalamu ozonda owerenga amene amapachikidwapo. Zimene ankadzudzula pagulu n'zimene anali atazikana kale pa ntchito yawo.

Koma pamene pamandigwira mtima ndi pa kumvetsera. Mu April 2011 Delicious inagulidwa ndi Chad Hurley ndi Steve Chen, awiri mwa anthu amene anayambitsa YouTube, ndipo mu September anaitulutsa ataikonza mwatsopano. Pokonzapo anawononga zinthu zimene gulu lina linkadalira: anthu olemba ndi kuwerenga nthano zopeka zokhudza anthu a m'mafilimu ndi m'mabuku amene amawakonda. Gululi linali litapanga dongosolo lakelake losanjira nthano masauzande, ndipo kachizindikiro ka "/" kanali pamtima pa dongosololo, chifukwa n'kamene kankasonyeza anthu awiri amene nthanoyo ikuwaphatikiza. Kachizindikiroko katasiya kugwira ntchito, dongosolo lonse linasokonekera. A Cegłowski anangofunsa pa Twitter kuti anthuwa akufuna chiyani kuti asamukire kwawo. Yankho linabwera ngati chikalata chimodzi cholembedwa ndi anthu ambiri osadziwana, cha masamba opitirira 50, chosanjidwa bwino, zofunika kwambiri zili pamwamba. A Cegłowski anachiwerenga, n'kuyamba kupanga zimene akanatha. Kampani yaikulu ikanaona gululi ngati laling'ono losapindulitsa. Kwa munthu mmodzi, anthu masauzande angapo odziwa chimene akufuna, okonzeka kulipira, ndi chuma.

Chaka ndi chaka, pokumbukira tsiku limene Pinboard inayamba, a Cegłowski ankalemba poyera ziwerengero zake: ndalama zolowa, kuchuluka kwa maadiresi osungidwa, anthu ogwiritsa ntchito. Kwa zaka zingapo chiwerengero cha anthuwo chinkangozungulira pa 24,000. Ku Silicon Valley, kuchimake kwa makampani a zamakompyuta, bizinesi yosakula amaiona ngati yakufa, koma iwo ankachilemba mosachita nacho manyazi, chifukwa chinkakwana kulipira makompyuta ndi kusunga munthu mmodzi. Mu 2013, ku Portland, anakamba za Henry David Thoreau, mlembi amene anakakhala m'kanyumba kodzimangira yekha m'mbali mwa dziwe la Walden kuyambira 1845 mpaka 1847. Thoreau anali mwana wa m'bizinesi yaing'ono, yopanga mapensulo, ndipo analemba ndalama zimene anamangira kanyumbako mpaka theka la senti: $28.12½. Anthu awiriwa akufanana pa chinthu chimodzi, kuwerengera kuti zokwanira ndi zingati asanayambe kuthamangira zochuluka.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Mwini wake akadwala, akatopa, kapena mtima ukapita kwina, makalata amadikira ndipo zowonongeka zimachedwa kukonzedwa. Amene akusungitsa zinthu zake kwa munthu mmodzi ayenera kudziwa zimenezi. N'chifukwa chake ndimalemekeza kuti Pinboard imalola aliyense kutulutsa maadiresi ake onse nthawi iliyonse n'kupita nawo kwina. Wamalonda amene amasiya khomo lotulukira lili lotsegula amakhala atavomereza kuti iye ndi munthu, ndipo sakufuna kuti kufooka kwake kudzapweteke ena.

Delicious inapitirira kusinthasintha manja: mu 2014 inagulitsidwanso, kenako inapitanso kwa ena, ikucheperachepera. Mu June 2017 a Cegłowski anaigula pa $35,000. Sanayese kuidzutsa kuti iyambenso kupikisana ndi ena, ndipo sanaifafanize. Analetsa kuikamo zatsopano n'kusiya zakale kuti ziziwerengeka, kuti anthu amene anasunga maadiresi awo kumeneko athe kukawatenga, kaya asamukira ku Pinboard kaya apita kwina.