Kudula Liu m'Maphatikizo Sikukwanira

Aphunzitsi, m'mabuku oyambira kuwerenga mumapeza kawirikawiri nchito yakuti, "Dulani liu ili m'maphatikizo." Mwana amalemba phi-ki-ra, inu n'kuconga. Nchitoyi ili ndi ubwino wake. Cinyanja cimalembedwa monga momwe cimamvekera, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Mwana amene wagwira ma, me, mi, mo, mu angathe kuchula liu limene sanalionepo. Pamene dongosolo la maphunziro la 2013 linalimbikitsa kuti ana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene amacidziwa, njira imeneyi inapeza malo oyenera.

Cofooka cake n'cakuti imathera pa kamvekedwe. Liu limadulidwa m'njira ziwiri. Yoyamba imatsata khutu: phi-ki-ra. Yaciwiri imatsata tanthauzo: phik-ir-a. Apa phik- ndi tsinde, -ir- akutiuza kuti nchitoyo acitira munthu wina, ndipo -a akutseka liu. Tizigawo totere, timene sitingadulidwenso popanda kutaya tanthauzo, akatswiri a zinenero amatichula kuti mamofimu.

Onani ziganizo izi: "Amai anaphikira ana" ndi "Amai anaphikitsa ana." M'coyamba ana akudikira cakudya, m'caciwiri ana ndiwo ali pamoto. Kusiyana konse kwagona pa -ir- ndi -its-. Koma tikadula phi-ki-ra ndi phi-ki-tsa, tizigawo tiwiriti timang'ambika pakati, ndipo mwana saona cimene casintha nkhani. Ndiye cifukwa cake mwana angawerenge ndime yonse mosadodoma, koma mukamufunsa kuti anaphika ndani, n'kukhala cete.

Mneni wa Cinyanja umanyamula zambiri. Liu limodzi lakuti sindinawaphikire lili ndi tizigawo 7: si- akana, -ndi- ndi wocita, -na- ndi nthawi yakale, -wa- ndi ocitiridwa, kenaka phik-, -ir- ndi -e. Maina nawo ali ndi dongosolo lao: mu-nthu ndi a-nthu, ci-nthu ndi zi-nthu. Mwana wa zaka 7 amagwiritsa kale nchito zonsezi polankhula. Buku limene silimuonetsa zimenezi papepala likusiya cuma cimene wabwera naco kucokera kunyumba.

Sitikunena kuti musiye maphatikizo, kapena kuti muphunzitse ana liu lakuti mofimu. Ana akayamba kuwerenga mau afupiafupi, onjezani nchito yaciwiri. Lembani pabolodi tseka, tsekula, tsekera, tsekedwa. Afunseni kuti, "N'ciani sicinasinthe? Nanga casintha n'ciani?" Mwana mmodzi atseke citseko, wina atsekule. Tsiku lina tengani anapita, adzapita, sanapite, ndipo ana anene ngati munthuyo wanyamuka kale kapena ayi.

Cenjerani ndi cinthu cimodzi. Si ka- aliyense amene amacepetsa cinthu. Kamwana ndi mwana wamng'ono, ndipo akaculuka timati tiana. Koma kalulu akaculuka timati akalulu, pakuti ka- ameneyu ndi mbali ya tsinde. Musanadule liu pamaso pa ana, liyeseni nokha: kodi kacigawo kameneka kakupezekanso m'mau ena ndi tanthauzo lomwelo? Ngati sikakupezeka, lisiyeni liulo lathunthu.