"Wandikana": Mneni Amene Timamusenzetsa Katundu Wosakhala Wake

Mnyamata akafunsira mbeta zinthu n'kulephereka, sanena kuti "wakana pempho langa." Amati "wandikana." Kaphatikizo ka "ndi" kamene kalowa pakatipo kasintha nkhani yonse, pakuti chokanidwa sichilinso mawu aja koma munthu yense, mtundu wake ngakhale bwato la bambo ake. Nchifukwa chake amene dzulo ankamulonjera mtsikanayo mwaulemu, lero akumutcha wonyada padoko.

Mneniyu ali ndi abale ambiri. Timakana mlandu, timakaniza mwana kupita kunyanja, ndipo mwana wosamva timati ndi wokanika. Tikuganiza kuti fungo la mawu omalizawa limatsatira mtsikana amene wati ayi, ngati kuti kukana ndi kukanika n'chinthu chimodzi. Koma oipitsitsa ndi malangizo amene anyamata amapatsana pokonza maukonde, akuti mkazi amayamba wakana, iwe ungolimbikira. Pamenepo mawu afa, chifukwa ngati "ayi" atanthauza "ubwerenso mawa," mtsikana wosafunadi alankhule chiyani? Amakakamizika kukana kwamtuwagalu, kenaka ife tomwe timamudzudzula kuti alibe mwambo. Makolo anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Komatu mwambiwo umayenda pokhapokha mwini nsalu akamvetsa tanthauzo la kuviikako.

Al-Bukhari anasunga nkhani ya Barira ndi Mughith ku Madina. Barira atamasulidwa ku ukapolo anapatsidwa ufulu wosankha kukhalabe ndi mwamuna wakeyo kapena ayi, ndipo anasankha kusiyana naye. Mughith ankamutsatira pambuyo, misozi ikutsikira m'ndevu. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) anamumvera chisoni ndipo anapempha Barira kuti abwerere. Barira anafunsa ngati limenelo linali lamulo. Atamva kuti kunali kungomupepesera mwamunayo, anati sakumufuna, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chimene chimatigwira mtima n'chakuti palibe amene anaseka misozi ya Mughith, komanso palibe amene anamutcha Barira wokanika. Kwathu kuno timachita ziwiri zonsezo: wokanidwa timamuseka mpaka adzibisa, wokana timamunena mpaka ankhoswe a anyamata ena aopa kufika pakhomo la mayi ake. Pamene sheikh afunsa chilolezo cha mkwatibwi tsiku la nikah, "inde" amene akumufunayo amalemera chifukwa mtsikanayo akanatha kunena mawu enawo, ndipo akanamveka.