Chithunzi Chaŵala, Bwalo Lazilala

Wailesi yakanema itayamba m'Malaŵi mu 1999, nyumba yokhala nayo pa Songani idasanduka bwalo. Chithunzi chinkachita mpunga, mnyamata nkumapotoza eriyo padenga, koma onse ankaonera limodzi.

Maiko atapangana kusiya analogi pofika 2015, padafunika dikoda, monga ya Kiliye Kiliye. Dijito sidziŵa mpunga: chithunzi chimaŵala kapena kuzimiratu. Otopa nazo adaŵeramira lamya zam'manja, aliyense payekha.

Tatayapo chiyani? Takumbukirani E.T., filimu ya Steven Spielberg ya 1982. Mphamvu yake sili m'chombo chamumlengalenga, koma mwa ana obisa mlendo wakunyenyezi amene akuluakulu akumsaka. Nthano yotere imafuna agogo pambali, okumbutsa kuti mlendo ndi mame. Nanga palamya, mwana adzamuuza zimenezi ndani?